Mmene mungaphunzirire mawu a Chingerezi a za chuma cha bizinesi ndi bajeti

Pali anthu ambiri odziwa bizinesi bwino lomwe, oti ndalama ikasowa m'kaundula amaipeza ola lisanathe, koma mukawapatsa pepala lachingerezi lochokera ku banki kapena kwa wowerengera ndalama amangoti kakasi. Si masamu awavuta ayi. Chawatsekereza ndi mawu. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ambiri amasayina pepalalo asanalimvetse, poopa kuoneka ngati sukulu inawakanika. Malangizo awa ndalembera anthu otere, komanso amene angoyamba ntchito ya mu ofesi ndipo auzidwa kuti sabata yamawa abweretse bajeti yolembedwa m'Chingerezi.

Ndineneretu chimene ndimakhulupirira. Mawu a za chuma saphunziridwa ngati mayina a nyama, oti mukangoloweza tanthauzo basi mwatha. Liwu lililonse la m'gululi limayankha mafunso atatu: ndalamazi ndi za yani, zikulowera kuti, ndipo zifika liti? Mukadziwa liwu popanda mayankho amenewa, mwangogwira khungu lake. Njira yonse ili m'munsiyi yatsamira pa mafunso atatuwo.

Choyamba: yambirani pa mapepala, dikishonale ibwere pambuyo

Sonkhanitsani mapepala enieni amene amadutsa m'manja mwanu: sitetimenti ya ku banki, malisiti, pangano la ngongole, bajeti ya chaka chatha, kalata yokumbutsa kulipira. Ngati mulibe okwanira, makampani amene masheya awo amagulitsidwa pa msika wa masheya amaika malipoti awo a pachaka pa intaneti, ndipo aliyense angawerenge mwaulere. Lembani dzina la kampani imene mumaidziwa, muwonjezere mawu akuti annual report. Lipotilo likhoza kukhala la masamba oposa 100, koma musachite nalo mantha. Inu mukufuna masamba atatu okha.

Tsamba loyamba ndi income statement, limene ena amalitcha profit and loss account kapena P&L. Limasonyeza ngati bizinesi yapindula kapena yaluza pa nthawi inayake, monga chaka chimodzi. Lachiwiri ndi balance sheet, limene limaonetsa zomwe bizinesi ili nazo ndi ngongole zake pa tsiku limodzi lokha, ngati chithunzi chojambulidwa tsikulo. Malamulo a kalembedwe ka malipoti a zachuma otchedwa IFRS, amene amakonzedwa ndi bungwe la IASB la ku London, anayamba kulitcha tsambali statement of financial position mu 2007, choncho mukaona dzina lalitalili dziwani kuti ndi chinthu chomwecho. Lachitatu ndi cash flow statement, losonyeza ndalama zenizeni zimene zalowa ndi kutuluka.

Tengani pensulo, mudule mzere pansi pa liwu lililonse limene simungathe kulifotokozera mnzanu. Onani kuti sindinati limene simunalionepo. Mawu ngati interest kapena balance mwina mumawaona tsiku ndi tsiku, koma ngati simungawafotokoze, aduleni mzere. Mukafika mawu 30 kapena 40, imani. Alembeni m'kope, pepala lililonse tsamba lakelake, ndipo musawasanje motsatira afabeti. Liwu likhale pafupi ndi anzake amene limakhala nawo pa pepala lenileni.

Chachiwiri: tsikani income statement ngati makwerero

Tsamba ili ndi mphunzitsi wabwino kuposa mndandanda uliwonse wa mawu, chifukwa mawu ake anasanjidwa kale mwa dongosolo, ndipo lililonse limabadwa kuchokera ku la pamwamba pake. Lembani chitsanzo ichi ndi dzanja lanu, ndipo masamu ake muchite nokha.

Pamwamba penipeni pali revenue, ndalama zonse zimene zabwera pogulitsa, musanachotsepo kalikonse. Tinene kuti ndi 50,000. Ena amalemba sales, ndipo ku Britain amakonda turnover. Pansi pake pali cost of goods sold, kapena cost of sales, ndalama zimene munapikulira kapena kupangira katundu amene wagulidwayo. Tinene 30,000. Mukachotsa, zotsala 20,000 ndiye gross profit. Kenako pakubwera operating expenses: lendi, malipiro a antchito, magetsi, inshulansi, zotsatsa malonda. Tinene 12,000. Zotsala 8,000 ndi operating profit. Chotsaninso interest, chiwongoladzanja cha ngongole, 1,000, ndi tax, msonkho, 2,000. Pansi penipeni patsala 5,000, ndiye net profit. Ndi chifukwa chake azamalonda amatcha revenue kuti top line ndipo net profit amati bottom line: akunena malo ake pa pepalapo.

Taonani mtunda umene uli pakati pa 50,000 ndi 5,000. Munthu amene amasokoneza revenue ndi profit angaganize kuti ndi wolemera kakhumi kuposa mmene alili. Ndaonapo anthu akudya mpamba chifukwa cha chisokonezo chimenechi, osadziwa kuti akudula nthambi imene akhalira.

Pa makwerero amenewa mwatolaponso mawu awiri amene mudzakumane nawo paliponse. Gross ndi chinthu chathunthu chisanadulidwe, net ndi chotsala zonse zoyenera kuchoka zitachoka. Gross salary ndi malipiro olembedwa pa pangano la ntchito, net pay ndi zimene zimafika m'manja. Munthu akakutchulirani nambala iliyonse, zizolowetseni kufunsa kuti gross or net? Ndi kafunso ka mawu atatu, koma kamapulumutsa ambiri.

Chachitatu: phunzirani mawu awiriawiri, ndipo muzidziwa mbali imene mwaima

Ndalama ikamayenda pamakhala wopereka ndi wolandira, n'chifukwa chake mawu ambiri a za chuma ali ndi mnzake wotsutsana naye. Kuphunzira limodzi n'kusiya linzake ndi kuvala nsapato phazi limodzi.

Yambani ndi balance sheet. Asset ndi chinthu cha mtengo chimene bizinesi ili nacho: ndalama, katundu wogulitsa, galimoto, makina, ngakhalenso ngongole zimene makasitomala sanabweze. Liability ndi zimene bizinesi iyenera kulipira ena. Mukachotsa zachiwirizi pa zoyambazo, chotsala ndi equity, gawo lenileni la mwini bizinesi. Lowezani chiganizo ichi monga chilili: assets equal liabilities plus equity. Pepala lonse laima pa chiganizo chimenechi, ndipo dzina lakuti balance likuchokera pa kufanana kwa mbali ziwirizo.

Accounts receivable ndi ndalama zimene mukudikira kulandira kwa amene anatenga katundu pa ngongole. Accounts payable ndi zimene inu muyenera kulipira amene anakupatsani katundu. Mkati mwa mawuwo muli kale yankho: receive ndi kulandira, pay ndi kulipira. Mapepala ena a ku Britain amati debtors ndi creditors. Debtor ndi amene ali ndi ngongole yanu, creditor ndi amene inu muli naye ngongole. Aneni akuti borrow ndi lend amasokoneza anthu ambiri, koma kwa ife asakhale ovuta, poti timasiyanitsa kale kukongola ndi kukongoza. Borrow ndi kukongola, ndipo amayenda ndi from. Lend ndi kukongoza, amayenda ndi to. Chikole chimene wokongoza amafuna ndi collateral kapena security, ndipo ngongole yeniyeniyo, chiwongoladzanja chisanawonjezedwe, ndi principal.

Tsopano debit ndi credit. Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagwa ulesi n'kusiya. Mawu awiriwa anachokera ku Chilatini: debit ku mneni wotanthauza kukhala ndi ngongole, credit ku mneni wotanthauza kukhulupirira. Njira yolemba ndalama iliyonse kawiri, kumanzere ndi kumanja, imene imatchedwa double entry, ankaigwiritsa ntchito amalonda a ku Italy, ndipo Luca Pacioli anaifotokoza m'buku la masamu limene linasindikizidwa ku Venice mu 1494. Kuyambira nthawi imeneyo debit ndi mbali ya kumanzere ya kaundula, credit ndi ya kumanja. Mwachidule amalemba Dr ndi Cr. Palibe mbali yabwino kapena yoipa pamenepa.

Chosokoneza chimabwera ndi sitetimenti ya ku banki. Mukasungitsa ndalama, banki imalemba credit. Mukatapa, imalemba debit. Ndiye munthu amaganiza kuti credit ndi kulowa, debit ndi kutuluka. Tsiku lina atsegula buku la wowerengera ndalama wa bizinesi yake n'kupeza kuti ndalama zolowa mu akaunti zalembedwa ku debit, mutu n'kuima. Palibe walakwitsa. Sitetimenti imalembedwa ndi maso a banki. Kwa banki, ndalama zimene mwasungitsa ndi ngongole imene ili nayo kwa inu, ndipo ngongole ikakula imalembedwa ku credit. M'buku lanu ndalama zomwezo ndi asset, ndipo asset ikakula imalembedwa ku debit. Choncho musanamasulire mawu awiriwa, dzifunseni kuti buku ili ndi la yani.

Chachinayi: tsegulani tsamba la mawu onyenga

Kumapeto kwa kope lanu siyani masamba angapo a mawu amene amaoneka ngati ofanana koma sali choncho. Tsamba limeneli lidzakhala la mtengo kuposa ena onse.

Oyamba kulembapo akhale margin ndi markup. Amenewa anandiphunzitsa mowawa. Nthawi ina ndinapatsidwa ntchito yoika mitengo pa katundu watsopano, ndipo uthenga unati tikufuna 25 percent margin. Chinthu chilichonse tinachigula pa 100. Ine ndinawonjezera 25, n'kulemba 125, mtima uli m'malo. Katundu anayenda bwino, zinthu 600 zinatha. Pa kutha kwa mwezi wowerengera ndalama anandiitana, natembenuzira pepala kwa ine, naloza ndi cholembera pa nambala imodzi: 20 peresenti. Anandifotokozera modekha kuti markup imawerengedwa pa mtengo wogulira, pamene margin imawerengedwa pa mtengo wogulitsira. Phindu la 25 pa mtengo wogulira wa 100 ndi markup ya 25 peresenti, koma 25 yemweyo pa mtengo wogulitsira wa 125 ndi margin ya 20 peresenti yokha. Kuti margin ikwane 25 peresenti ndinayenera kugulitsa pa 133.33. Pa zinthu 600 tinataya pafupifupi 5,000 chifukwa cha liwu limodzi limene ndinkaganiza kuti ndimalidziwa. Kuyambira tsikulo sindiwerengera liwu kuti ndalidziwa ndisanachite nalo masamu.

Achiwiri ndi profit ndi cash. Apa ndi pamene funso lakuti zifika liti limagwira ntchito. Mukagulitsa katundu pa ngongole lero, mabuku ambiri a bizinesi amalemba malondawo lero lomwe, ndipo phindu limaoneka pa pepala ngakhale kasitomala adzalipire patapita miyezi iwiri. Kalembedwe kameneka ndi accrual basis, kosiyana ndi cash basis imene imalemba pokhapokha ndalama zikagwirika. N'chifukwa chake bizinesi ikhoza kukhala ndi phindu pa pepala koma n'kulephera kulipira antchito. Mukamva anthu akudandaula za cash flow problem, sakunena kuti akuluza. Akunena kuti ndalama zikuchedwa kulowa pamene zotuluka sizidikira.

Achitatu ndi mapepala a malonda, amene amabwera motsatizana. Quotation ndi mtengo umene wogulitsa akulonjeza musanagwirizane. Purchase order ndi oda ya wogula. Invoice ndi pepala lopempha malipiro. Receipt, lisiti, ndi umboni wakuti ndalama zaperekedwa. Amene wakupatsani invoice sanavomere kuti mwalipira, choncho musaisunge ngati lisiti.

Palinso mawu amene amasintha tanthauzo malinga ndi dziko. Ku Britain stock kawirikawiri ndi katundu wosungidwa kuti agulitsidwe, amene ku America amati inventory. Ku America stock nthawi zambiri ndi masheya. Turnover ku Britain ndi ndalama zonse za malonda, koma staff turnover ndi kuchuluka kwa antchito amene akusiya ntchito n'kulowedwa m'malo. Dziwani kumene pepala lanu lalembedwa, ndipo inuyo posankha mawu olemba, tsatirani mbali imodzi.

Chachisanu: lembani bajeti yanu m'Chingerezi

Liwu lakuti budget linachokera ku liwu lakale lachifalansa lotanthauza kathumba kachikopa, ndipo ndimaona kuti chithunzicho n'chothandiza: kathumba kali ndi malire, zimene mulibe simungatulutsemo. Mawu a bajeti samveka powerenga chabe. Muyenera kuwagwiritsa ntchito pa ndalama zimene zimakukhudzani, kaya za bizinesi kaya za pakhomo.

Jambulani madanga anayi. Pamwamba pa loyamba lembani item, lachiwiri budget, lachitatu actual, lachinayi variance. Budget ndi zimene munakonza, actual ndi zimene zachitikadi, variance ndi kusiyana kwake. Tinene kuti pa transport munakonza 4,000 koma mwawononga 4,600. Variance ndi 600, ndipo ndi adverse, kapena unfavourable, chifukwa yakudyerani phindu. Munganenenso kuti we are over budget by 600. Koma ngati pa sales munakonza 50,000 n'kupeza 53,000, variance ya 3,000 ndi favourable. Malo onse awiri actual yaposa budget, koma kwina n'kulira, kwina n'kusekerera. Funso lakuti ndalama zikulowera kuti ndi limene likusiyanitsa.

Forecast si budget. Budget ndi chimene mwatsimikiza kutsatira, ndipo kawirikawiri sichisinthidwa chaka chikayamba. Forecast ndi chimene mukuyembekeza kuti chichitika malinga ndi mmene zinthu zikuyendera panopa, ndipo imakonzedwanso nthawi ndi nthawi. Zolowa zikaposa zotuluka muli ndi surplus, zikachepa muli ndi deficit. Ndalama zopatula kuti zidzathandize pa zogwa mwadzidzidzi ndi contingency.

Kenako gawani zotuluka zanu pawiri. Fixed costs ndi zimene mumalipira kaya mwagulitsa kaya ayi, monga lendi. Variable costs zimakwera ndi kutsika malinga ndi kuchuluka kwa zimene mwapanga kapena kugulitsa. Mukatero mwafika pa break-even point, malo amene simukupindula komanso simukuluza. Ngati fixed costs ndi 6,000 pa mwezi, chinthu chimodzi mumagulitsa pa 50 ndipo variable cost yake ndi 30, chilichonse chikusiya 20, imene imatchedwa contribution. Gawani 6,000 ndi 20, mupeza 300. Chinthu cha nambala 301 ndicho choyamba kukupatsani phindu. Chitani masamu omwewa ndi manambala anu, ndipo mawu anayiwa sadzachokanso m'mutu.

Awiri otsiriza pa gawoli. Capital expenditure, mwachidule capex, ndi kugula chinthu chokhalitsa monga makina. Operating expenditure, opex, ndi zowonongedwa tsiku ndi tsiku. Makina a 10,000 amene agwire ntchito zaka 5 salembedwa onse ngati chowonongedwa cha chaka chimodzi. Amagawidwa, mwachitsanzo 2,000 chaka chilichonse, ndipo kugawa kumeneku ndi depreciation. Palibe ndalama imatuluka m'thumba chaka chilichonsecho, ndi kulemba chabe kutha kwa makinawo.

Chachisanu ndi chimodzi: manambala ndi timawu ting'onoting'ono

Gawo ili ambiri amalidumpha, komatu ndi pamene zolakwa zazikulu zimabisala. Chilembo k pambuyo pa nambala ndi masauzande, m ndi mamiliyoni, bn ndi mabiliyoni. Pamwamba pa madanga a lipoti yang'anani ngati palembedwa '000 kapena in thousands, chifukwa zikatero 450 akutanthauza 450,000. Nambala yotsekeredwa m'mabulaketi, monga (500), ndi yochotsera kapena yoluza. Mu Chingerezi cha masiku ano billion ndi mamiliyoni 1,000, ndipo boma la Britain linayamba kuwerengera choncho mu 1974. M'Chijeremani ndi m'Chifalansa liwu lofanana nalo limatanthauza miliyoni kuchulukitsa ndi miliyoni. M'mayiko ambiri a ku Ulaya amagwiritsanso ntchito mpatuliro pamene Chingerezi chimaika kadontho, ndi kadontho pamene Chingerezi chimaika mpatuliro, moti 1.500 kwa iwo ndi 1,500 wa m'Chingerezi.

Chiwongoladzanja chikachoka pa 10 peresenti kufika pa 12 peresenti, chakwera ndi 2 percentage points, osati 2 percent. Pa kukula kwake chakwera ndi 20 peresenti. A ku banki anganenenso kuti 200 basis points, poti basis points 100 ndi percentage point imodzi.

Samalaninso ndi by ndi to. Costs rose by 900 ndi kuti zakwera ndi 900. Costs rose to 900 ndi kuti zakwera kufika pa 900. Rise ndi kukwera kokha, raise ndi kukweza: prices rise, koma we raise prices. Due ndi tsiku loyenera kulipira, overdue ndi kuti tsikulo ladutsa, outstanding ndi ndalama zimene sizinalipiridwebe, ngakhale kuti m'nkhani zina liwu lomweli ndi loyamikira. Net 30 pa invoice ndi kuti mulipire zonse pasanathe masiku 30. Q1 mpaka Q4 ndi zigawo zinayi za chaka, chilichonse miyezi itatu, YTD ndi kuyambira kumayambiriro kwa chaka kufika lero, ndipo FY ndi chaka cha zachuma, chimene sichiyamba mu Januwale nthawi zonse. Cha boma la America chimayamba pa 1 Okutobala, ndipo chaka cha msonkho wa anthu ku Britain chimayamba pa 6 Epulo. Choncho Q1 ya kampani ina ikhoza kukhala miyezi yosiyana ndi imene mukuganiza.

Chachisanu ndi chiwiri: bwerezani mwa dongosolo

Hermann Ebbinghaus, katswiri wa ku Germany, anasonyeza mu 1885 kuti munthu amaiwala mofulumira kwambiri atangophunzira kumene, kenako kuiwalako kumachepa liwiro. Tanthauzo lake kwa inu n'lakuti mphindi 10 tsiku lililonse zimaposa maola atatu a tsiku limodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Dulani timakadi. Kutsogolo lembani liwu, kumbuyo lembani tanthauzo m'mawu anuanu a Chichewa ndi chiganizo chimodzi chachingerezi chokhala ndi nambala ya mu bizinesi yanu. Tsatirani njira ya mabokosi ya Sebastian Leitner: kakadi kamene mwakhoza kapite m'bokosi lachiwiri, limene mumalitsegula patapita masiku angapo, kenako lachitatu, la kamodzi pa sabata kapena kuposerapo. Kamene mwalakwa kabwerere m'bokosi loyamba, la tsiku ndi tsiku. Pulogalamu ya Anki imachita zomwezi pa foni kapena pa kompyuta. Mawu atsopano asapitirire asanu pa tsiku.

Pa kakadi musalembe dzina lokha, lembaninso mneni amene limayenda naye. Mu Chingerezi amati make a profit, make a loss, take out a loan, pay off a debt, issue an invoice, settle an account, draw up a budget, cut costs. Munthu wodziwa loan koma osadziwa take out amakakamira pakati pa chiganizo, ndipo kukakamira kumeneko ndi kumene kumamuchititsa manyazi pa msonkhano.

Chomaliza: tsegulani pakamwa

Pa kutha kwa sabata iliyonse tengani bajeti yanu ija, muifotokoze mokweza m'Chingerezi kwa mphindi ziwiri, ngati mukuuza amene anakukongozani mpamba. Nenani zimene zalowa, zimene zatuluka, pamene mwapitirira bajeti ndi chifukwa chake. Dzijambuleni mawu pa foni n'kumvetsera. Mudzamva nokha pamene mukudodoma, ndipo mawu amenewo ndiwo abwerere m'bokosi loyamba. Mvetseraninso katchulidwe mu dikishonale ya pa intaneti, chifukwa mawu ena salankhulidwa mmene amalembedwera: mu debt chilembo b sichimveka, mu receipt p samveka, mu mortgage t samveka. Kenako chitani mobwerera: fotokozerani mnzanu income statement ya kampani ija m'Chichewa chokhachokha. Pamene Chichewa chakuthawani n'kuyamba kungobwereza liwu lachingerezi, pamenepo ndiye simunamvetse.

Konzekeraninso ziganizo zofunsira, muziloweze mpaka zizituluka zokha. Is that figure gross or net? Does this include tax? Is the rate per month or per year? When is the payment due? Could you show me that with an example? Funso lachitatulo musadzalisiye pokambirana za ngongole, chifukwa 5 peresenti pa mwezi ndi 5 peresenti pa chaka ndi zinthu zotalikirana kwambiri: pa ngongole ya 10,000, ngakhale osawerengera chiwongoladzanja chobereka chinzake, yoyambayo ikudyerani 6,000 pa chaka pamene yachiwiriyo ndi 500 yokha. Safunsa anadya phula. Anthu odziwa bwino za chuma amafunsana mafunso omwewa tsiku lililonse, ndipo palibe amawaona ngati osadziwa.

Mukapatsidwa pepala loti musayine ndipo muli liwu limene simungalifotokoze, nenani kuti I would like to read this and come back tomorrow. Pitani nalo kunyumba, dulani mizere ndi pensulo, yankhani mafunso atatu aja pa liwu lililonse, muchite masamu ake ndi manambala a pa pepalapo. Mawu amene atsale osamveka alembeni pa kapepala, mukawafunse m'mawa cholembera chisanakhudze pepala.